Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kuwerenga magalimoto pa Kaphatenga

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitalo, makamaka inu a ku Joni amene mumawerenga usiku mukaweruka. Ambiri mwadandaula kuti nkhani ya achimwene ndinakusiyani nayo m'malere. Ndinaidumpha dala, mtima unali usanalole. Lero ndiikamba. Palinso mayi wina wa ku Nkhotakota amene wafunsa ngati mwana wake wa Folomu 4 angadzapeze ntchito ataphunzira zimene ndinaphunzira ine. Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndafotokoza khomo limene ine ndinalowera.

Mukukumbukira kuti nditamaliza ku Poly, sukulu ya ukachenjede ya ku Blantyre imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, ndinabwerera ku Salima ndi digiri ya uinjiniya koma ntchito osaoneka. Makalata ndinalemba mpaka ndinatopa. Zaka zinadutsa ndikuphunzitsa masamu pa kasukulu kena kapulayiveti ku Kamuzu Road.

Achimwene kabaza sanasiye. Fizi yanga, imene ankalipira ndi kabazayo, inali itatha, koma ankati ana awonso ayenera kufika pamene ndafika ine. Tsiku la ngozi linali la msika, ndipo ananyamula thumba la mpunga la mayi wina wa geni. Anali pa msewu wa M5, kumpoto kwa Kaphatenga, pamalo pamene phula linadyeka m'mbali mpaka kusiya chiphompho pakati pa tala ndi dothi. Kumbuyo kunkabwera lole, kutsogolo minibasi. Wa lole analiza hutala, achimwene anayesa kutsika m'tala, tayala lakutsogolo linaterereka pa chiphomphocho, thumba linawakoka, ndipo anagwera mkati mwa msewu.

Ine ndinali m'kalasi. Mnyamata wina wa pa siteji yawo anaima pakhomo atavula chipewa, osalankhula. Ndinamudziwa, ankabwera kwathu kudzabwereka pampu. Atatsegula pakamwa anangoti, "Achemwali, tiyeni." M'njira monse sindinamufunse kanthu, ndinkaopa yankho lake. Kuchipatala ndinapeza mayi atakhala pansi panja pa mochale, mpango uli m'manja, miyendo atatambasula. Atandiona anati, "Mwana wanga, mlongo wako watisiya," kenako anayamba kundifunsa ngati ndadya. Alamu anga anafika pambuyo ndi mwana kumsana, atathamanga wapansi kuchokera kudimba, matope akadali m'miyendo. Kulira kwawo sindingathe kukulemba pano.

Anzawo a kabaza ndi amene anasonkha ndalama za bokosi. Pobwera ndi thupi kumudzi ankapalasa pang'onopang'ono kumbuyo kwa galimoto, mzere wautali, osaliza belu ngakhale mmodzi. Madzulo anabweretsa njinga ija atainyamula pamapewa, mkombero wakumbuyo utapindika, khushoni imene mayi anasoka yokhalira makasitomala ikadali pa kaliyala. Anaitsamiritsa pa mtengo wa mango kuseri kwa siwa, ndipo aliyense wodzakhuza maliro ankayamba waima pamenepo.

Pa maliro anthu ankati inali nthawi yawo. Ena ankanong'onezana kuti pali dzanja la munthu, wina wansanje chifukwa anaphunzitsa mlongo wawo mpaka ku yunivesite. Pepala la ngozi linangonena kuti wapanjinga sanapereke mpata. Mawu amenewa ndi amene anandipweteka koposa, chifukwa munthu amene wapalasa msewu womwewo kuyambira ali mnyamata amadziwa kupatuka. Titameta ndinabwereka tepi n'kupita pamalopo ndekha. Lole imatambalala pafupifupi mamita 2.5. Ikakumana ndi minibasi pa phula limene ndinayeza lija, sipatsala malo oti njinga yonyamula thumba idutse. Ku Poly tinaphunzira kuti galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo okonza misewu amawerengera masekondi 2.5 kuti dalaivala aone, aganize, n'kuponda buleki. Ndiye kuti mamita 55 amatha galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Masamu amenewa ndinakhoza bwino pa mayeso. Tsiku limenelo ndinawawerengera nditakhala m'mbali mwa msewu, ndikulira, malole akudutsa.

Mwa inu muli ena amene munandiuza kuti ndikanasiya za misewu n'kukhazikika pa uphunzitsi, popeza ana a achimwene anali atagwera m'manja mwanga. Ndikumva nkhawa yanu. Koma nditayeza phula lija ndinadziwa kuti achimwene sanalakwe, ndipo munthu wonena zimenezi ndi manambala m'manja, pamudzi pathu ponse, ndinali ine ndekha.

Mwayi unabwera kudzera mwa mnzanga wa ku Poly uja ndinkagona naye chipinda chimodzi. Kampani ina ya mainjiniya alangizi inkafuna anthu owerenga magalimoto pa mphambano ya Kaphatenga, pamene msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe umakumana ndi M5 wolowera ku Nkhotakota. Inali ganyu chabe, yolipidwa patsiku. Ntchitoyo imayamba 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo masiku ena amasankhidwa kuti muwerenge usiku wonse. Umakhala ndi fomu ya madanga: njinga zakapalasa, njinga zamoto, ngolo, magalimoto ang'onoang'ono, maminibasi, mabasi, malole malinga ndi kukula kwake. Chikadutsa umalemba kamzere. Dzuwa la ku Salima mukulidziwa, ambulera inali imodzi ya anthu atatu.

Apa ndi pamene azakhali anandiona akuchokera kumsika. Anaima, anandiyang'ana, n'kunena mokweza kuti, "Iwe, sukulu yonse ija mlongo wako anafera ndi yoti uzikhala pamsewu n'kumalemba timizere?" Anakalengezanso kumudzi. Azakhali, ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba. Ndinakhala chete tsiku limenelo chifukwa cha ulemu, koma mawu anu oti anafera sukulu yanga anandisowetsa tulo kwa nthawi yaitali. Achimwene anafera pa msewu wopanda malo a njinga. Timizere tija n'timene tinagulira ana awo yunifolomu teremu imeneyo.

Timizere timeneti ndi chiyambi cha msewu uliwonse. Timasanduka chiwerengero cha magalimoto odutsa patsiku, ndipo injiniya amayerekeza kuti chidzakula bwanji m'zaka 15 kapena 20 zikubwerazo. Kuchindikala kwa msewu kumadalira malole. Ekiselo imodzi, chitsulo chija cholumikiza matayala a mbali ziwiri, ikalemera kuwirikiza kawiri, imawononga msewu pafupifupi ka 16, n'chifukwa chake pali masikelo oyezera malole, n'chifukwa chakenso malole a shuga ochokera ku Dwangwa amawerengedwa mosamala chotero. Njinga siiwononga phula, choncho pa masamu a kuchindikala imasowa. Koma pa fomu yanga danga la njinga ndi limene linkadzaza msanga. Nditapereka mafomu ndinalimba mtima kuuza bwana wina wamtali wa pakampanipo kuti ngati lipoti silinena za apanjinga ndi oyenda pansi, ndiye kuti lasiya anthu ochuluka a pamsewuwo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anafunsa maphunziro anga, kenako anati ndilembe ndekha gawo limenelo. Ndinalilemba usiku pa laputopu yobwereka.

Mpaka lero maganizo anga ndi omwewo. M'misewu ya kunyanja kuno, chinthu chopulumutsa anthu ambiri ndi sholda, malo a m'mphepete mwa msewu, yothira phula, yotambalala bwino, kuti wa kabaza ayende payekha. Chachiwiri ndi kuchepetsa liwiro m'matawuni ang'onoang'ono. Chikwangwani cha 50 pachokha madalaivala sachimvera, ndipo nthawi zina chimabedwa n'kusanduka mbaula. Mahampu anthu amadana nawo, inenso ndawaonapo ena omangidwa moipa, koma hampu yoyezedwa bwino pafupi ndi sukulu kapena msika ndiiikira kumbuyo kulikonse.

Tsopano mayi a ku Nkhotakota. Ndikuuzani mosabisa, ntchito zolembedwa kuti "traffic engineer" m'Malawi muno n'zochepa kwambiri, ndipo zambiri zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre kumene kuli maroboti, maraundabauti ndi misewu ngati ya pa Area 18 yodutsana pamwamba ndi pansi. Mwana wanu alowere khomo la civil engineering. Alimbikire masamu ndi physics pa MSCE. Ku MUBAS kuli nthambi yoona za transport, ndipo maphunziro ake ndi a zaka 5. Akamaliza alembetse ku Malawi Engineering Institution kuti zaka zimene akugwira ntchito pansi pa injiniya wamkulu ziziwerengedwa.

Olemba ntchito ndi Roads Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 pamodzi ndi Roads Fund Administration yosunga ndalama za misewu, unduna wa zamtengatenga, makhonsolo, nthambi ya Road Traffic, makontilakitala, ndiponso makampani a alangizi. Ambiri timayambira kwa alangizi ndi makontilakitala, ndipo ntchito zake zimakhala za pulojekiti. Ndalama za World Bank, African Development Bank kapena European Union zikabwera, anthu amalembedwa. Msewu ukatha, kontilakiti yathanso. Ine ndakhalapo miyezi ndikudikira malipiro pa kampani ina chifukwa nayonso inali isanalipidwe, lendi ikundidikira. Ndalama za m'dziko momwemuno zimachokera pa msonkho wa mafuta ndi zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi Kalinyeke, choncho ntchito yokonza misewu siitha, koma imayenda ndi thumba.

Chimene chinandisiyanitsa ndi anzanga ndi zinthu zimene ndinadziphunzitsa ndekha pa intaneti: Excel yozama, QGIS yojambulira mapu a malo ochitika ngozi kawirikawiri, ndi Civil 3D yojambulira mapulani a misewu. Anthu odziwa kufufuza chitetezo cha msewu usanamangidwe ndi ochepa, pomwe opereka ndalama amafuna lipoti limeneli. Njinga zamoto za kabaza zachuluka m'matawuni onse, ndipo misewu yathu yambiri inakonzedwa zisanabwere. Pamenepo ndi pamene ndikuona ntchito ya m'tsogolo. Ndipo ngati mwana wanuyo ndi wamkazi, musamubweze. Ku saiti amayamba akuyesa kuti wabwera kudzalemba mayina a aganyu, koma ukayeza levulo, kukwera ndi kutsika kwa nthaka, molondola amasiya okha.

Gawo limene ndinalemba lija linalowa mu lipoti, ndipo patapita miyezi bwana wamtali uja anandiimbira foni kuti ndipite ku Lilongwe kukayesedwa ntchito yokhazikika. Ndalama ya basi anandipatsa ndi alamu anga, atagulitsa mbuzi imene achimwene anasiya. Mu gawo 8 ndikufotokozerani za mayesowo, ndi za bambo wina pa gulu la ofunsa amene anafuna kudziwa ngati ndili ndi pakati asanaone n'komwe mapepala anga.