Mmene Ndidayambira Ntchito Asanandilembe

Chilengezo cha ntchito chija chidatuluka m'nyuzipepala Lolemba, koma ine ndidachiona Lachinayi madzulo papepala limene mayi wina wa pamsika wa Zingwangwa adandikulungiramo mandasi. Bungwe lina la mumzinda wa Blantyre, limene dzina lake ndilisunga pazifukwa zimene muzimvetsa posachedwapa, linkafuna kalaliki wowerengera ndalama, munthu wosamala pantchito, wokhulupirika ndiponso wodziwa kompyuta. Cha m'munsi, pamene mafuta a mandasi adali atayamba kale kudya zilembo, padali lamulo lakuti kalata yofunsira ntchito, CV, masatifiketi, chiphaso cha unzika ndi makalata a umboni, zonsezo ziikidwe mufayilo imodzi ya PDF yosapitirira 2 MB, ndipo fayiloyo ifike pa imelo yawo isanakwane 5 koloko madzulo a Lachisanu, lomwe lidali mawa lake.

Apa n'kuti nditatha miyezi isanu ndi iwiri ndili pakhomo, lendi ya miyezi iwiri isanalipidwe. Eni nyumba, mayi wachikulire amene amakhala m'nyumba yakutsogolo pabwalo lomwelo, adali atasiya kundifunsa mmene ndadzukira. M'malo mwake ankangonditchulira deti la tsikulo mokweza ngati wailesi, kenako n'kupitiriza kusesa.

Usiku umenewo ndidalemba makalata awiri patebulo limodzi, ngakhale akuluakulu adanena kalekale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Kalata yoyamba idali yofunsira ntchito ija, ndipo idalibe vuto lililonse. Yachiwiri idali yopita kwa eni nyumba, ndipo popeza dzina la bungwe lija lidali lidakali m'mutu mwanga, cholembera chidangoyenda chokha. Ndidawauza kuti Mulungu wandikumbukira, kuti ndayamba ntchito kubungwe limenelo kuchokera pa 1 mwezi womwewo, ndiponso kuti udindo wanga ndi wa mkulu wa nthambi yowerengera ndalama, pakuti ndidaona kuti ukalaliki wamba sungachititse mayi aja kuika tsache pansi. Pofuna kudzisiyira pothawira, ndidawonjezera chiganizo chimene ndidachinyadira kwambiri usikuwo, chakuti akuluakulu a bungwelo ali ndi chizolowezi chochedwetsa malipiro a antchito, choncho mwezi ukatha ndalama isanaoneke, mlandu ukhale wa iwowo. Nditasaina ndidaipinda patatu n'kuiika pambali pa kalata ya umboni imene abusa a mpingo wathu adandilembera pamanja, papepala loyera lofanana ndi langalo, nayonso yopindidwa patatu.

Kutacha ndidatola imodzi mwa makalata awiri opindidwa patatuwo n'kupatsa mwana wanga wamkulu kuti akaisiye kunyumba yakutsogolo popita kusukulu, ndipo inayo ndidaiponya mu envulopu ya khaki pamodzi ndi mapepala ena onse. Pa CV ndidali nditalemba kuti kompyuta ndimaidziwa bwino kwambiri, choncho pofuna kulemekeza mawu angawo ndidayamba ndayesa ndekha pa laputopu ya mlamu wanga. Ndidajambula mapepala ndi foni n'kumaika zithunzizo mu Word. Satifiketi ya MSCE idagona cham'mbali ngati munthu wodwala malungo, dipuloma idalumphira patsamba lina, ndipo pachithunzi cha chiphaso cha unzika pankaoneka chala changa chachikulu pamodzi ndi kansalu ka patebulo kamene akazi anga adaluka. Ndidagonja ndisanafike n'komwe pa makalata a umboni, pamene ndikadapirira mphindi zina zisanu zokha ndikadafutukula kalata ija ndi manja anga.

"Alamu, pitani ku Limbe akakusikanireni bwinobwino, apa mungotaya tsiku," adatero mlamu wanga akulanditsa laputopu yake.

Ndidafika ku Limbe cha m'ma 2 koloko, pakachipinda kena kofotokopa ndi kusikana mapepala kuseri kwa sitolo ya nsalu, ndipo ndidapeza mzere wa anthu onyamula maenvulopu a khaki ofanana ndi yanga, aliyense akuyang'ana mnzake ngati mbala. Nthawi yanga itangotsala pang'ono kukwana, magetsi adazima. Mnyamata wa pamalopo adaliza jenereta, adasuzumira m'thanki, kenako adandiyang'ana ine, mwina chifukwa ndidali nditavala tayi.

"Bigi, mafuta atsalawa angokwanira kusikana basi. Mukathamangira lita imodzi ya petulo, mupeza zanu nditamaliza."

Ndidasanja mapepala anga mwadongosolo, masamba 12 onse pamodzi: kalata yofunsira ntchito pamwamba, masamba atatu a CV, satifiketi ya MSCE, dipuloma, masamba awiri a zotsatira za mayeso, chiphaso cha unzika, ndipo pamalo a khumi kalata yopindidwa patatu ija, yotsatiridwa ndi makalata ena awiri a umboni. Ndidamulangiza mwamphamvu kuti asasokoneze dongosololo, pakuti ine ndine munthu wosamala pantchito, ndipo ndidanyamula kachigubu n'kuuyatsa ulendo wa kumalo omwetsera mafuta, kumene ndidapezanso mzere wina.

Pobwerako, nthawi itadutsa 4 koloko, ndidapeza mnyamata uja atasunga lonjezo lake. Tsamba lililonse lidali fayilo payokha, ndipo adazipatsa mayina a manambala kuyambira 1 mpaka 12, monga momwe ndidazisanjira. Adazisankha zonse, adazilowetsa m'pulogalamu yophatikizira mafayilo, ndipo m'kanthawi kochepa padatuluka PDF imodzi yokongola, yolemera 41 MB. Ndidamufunsa ngati 41 ili kutali kwambiri ndi 2, ndipo iye adandiyang'ana, kenako adayang'ana dipuloma yanga ya zowerengera ndalama, osayankha kanthu.

Chidachititsa n'chakuti makina osikanira adali atatcheredwa pa timadontho 600 pa inchi iliyonse, ndi mitundu yonse, chifukwa munthu wina m'mawa mwake adabwera ndi zithunzi za ukwati. Pamlingo umenewo pepala limodzi la A4 limasanduka timadontho pafupifupi 35 miliyoni, pamene pamlingo wa 150, womwe ndi wokwanira kuti zilembo ziwerengeke, limangokhala ndi timadontho topitirira pang'ono 2 miliyoni. Makinawo adali atajambula mokhulupirika khwinya lililonse la papepala, ngakhalenso banga la tiyi limene lakhala pa satifiketi yanga kuyambira tsiku limene ndidailandira. Nthawi yosikananso idalibe, popeza kumbuyo kwanga anthu adali atayamba kutsokomola mwatanthauzo, choncho mnyamatayo adati angoifinya fayiloyo ndi pulogalamu yomweyo.

Ulendo woyamba adaifinya mopitirira muyeso, mpaka idatsika kufika pa 600 KB. Atatsegula tsamba la satifiketi ya MSCE kuti tione ngati ikuwerengeka, ndidaona chozizwitsa: 8 wanga wa Biology, amene wakhala akundichititsa manyazi kwa zaka zambiri, adali atafufutika mbali imodzi n'kumaoneka ngati 3. Aliyense amene adalembapo mayeso amenewa akudziwa kuti 8 ndi kungopulumukira pakamwa pa 9, pamene 3 ndi giredi yoti munthu n'kuiika mufelemu pabalaza. Ndidamupempha kuti aisiye momwemo, koma iye adandisonyeza kuti dzina langanso lafufutika moti satifiketiyo ikhoza kukhala ya munthu wina aliyense wa m'chipindamo. Ulendo wachiwiri idatuluka ili 1.9 MB, zilembo zikuoneka bwino, 8 uja atabwerera pamalo pake.

"Muyang'anako kaye, bigi?" adandifunsa, wotchi ya pakhoma ikuonetsa kuti kwatsala mphindi 12.

Ndidayang'ana tsamba loyamba ndipo lidali kalata yanga yofunsira ntchito, siginecha ili pamalo pake. Ndidayang'ana pakona ndipo padalembedwa kuti masamba alipo 12. Monga munthu wa manambala, ndidakhutira kuti zonse zalingana, ndidalemba imelo, ndidamata fayiloyo, ndipo idapita kutatsala mphindi 7. Ndidatuluka m'kachipindamo ndikununkha petulo koma mtima uli m'malo.

Chimene sindidadziwe n'chakuti pulogalamu ijayo inkasanja mayina a mafayilo ngati mawu a m'dikishonale, chilembo ndi chilembo, osati ngati manambala. Kwa iyo, 10 amabwera pambuyo pa 1 chifukwa onse amayamba ndi 1, ndipo 2 amadikira mpaka 11 ndi 12 atadutsa. Anthu odziwa amalemba 01, 02, 03 kuti apewe zimenezi, kapena amakoka masambawo n'kuwasanja okha asanawaphatikize. Choncho pepala limene ndidaliika pamalo a khumi, kumene wolemba ntchito aliyense wotopa ndi mulu wa makalata sakadafikako, lidalumpha CV ndi masatifiketi onse n'kukhala tsamba lachiwiri, kuseri kwenikweni kwa kalata imene ndidalembamo kuti ndine munthu wokhulupirika.

M'masiku otsatira eni nyumba adasiya kunditchulira deti. Ankangondiyang'ana nthawi yaitali ndikamadutsa, ngati akundifanizira ndi munthu wina, ndipo ine ndidaganiza kuti umenewo ndiwo ulemu umene mkulu wa nthambi yowerengera ndalama amalandira. Patatha masabata awiri foni idalira, ndipo adandiitana ku intavyu.

Ndidabwereka jekete kwa mlamu wanga n'kukafika nthawi isanakwane. M'chipindamo mudali anthu atatu: mayi amene ankatsogolera, mnyamata wolemba zokambirana, ndi bambo wina wa imvi amene kuyambira pamene ndidalowa ankandiyang'ana mwachidwi chachikulu. Aliyense adali ndi masamba anga 12 osindikizidwa ndi kumangidwa bwino. Pambuyo pake ndidawerenga kuti kampani ya Adobe idatulutsa PDF m'chaka cha 1993 ndi cholinga chakuti chikalata chizioneka chimodzimodzi pakompyuta iliyonse ndi pamakina osindikizira alionse, ndipo ndingathe kuchitira umboni kuti cholinga chimenecho chidakwaniritsidwa, pakuti kuchokera pamene ndidakhala ndinkatha kuona zolemba za dzanja langa patsamba lachiwiri, mizere iwiri ya mopindidwa muja ikuonekanso bwinobwino.

"Takulandirani, bambo," adatero mayi aja mwaulemu wonse. "Tisanayambe, tithandizeni pang'ono. Malinga ndi zimene mwatitumizira, inu mudayamba kale ntchito kuno pa 1 mwezi uno. Kodi mukukhala mu ofesi iti, popeza ife sitinakuoneni?"

Ndidatsegula pakamwa, koma mawu adakana kutuluka. Bambo wa imvi uja adakonza magalasi ake n'kunena modekha kuti iwo ndiwo akhala mkulu wa nthambi yowerengera ndalama kwa zaka zambiri, ndipo adadabwa kumva za kuchotsedwa kwawo kudzera m'kalata ya lendi ya munthu wina. Kenako adawerenga mokweza, mawu ndi mawu, chiganizo changa chonyaditsa chija chonena za kuchedwa kwa malipiro, ndipo adandifunsa kuti ndi mwezi uti umene malipiro anga adachedwa, kuti akafufuze m'mabuku. Mnyamata wolemba uja adaweramira papepala lake, mapewa akugwedezeka, ndipo ndikukhulupirira kuti sadalembe kalikonse kwa mphindi zingapo.

Ndidayesa kufotokoza za magetsi, za petulo, za timadontho 600 ndi za 10 amene amatsogola 2, ndipo kunena zoona adandimvetsera mpaka kumapeto. Mayi aja adandiuza mosabisa kuti makalata adafika ambiri, koma yanga yokha ndiyo idawerengedwa ndi anthu a m'maofesi onse, ndipo adagwirizana kuti sangalole mwayi woona nkhope ya mwini wake kuwadutsa. Adandifunsa mafunso awiri okhudza kulinganiza mabuku a ndalama ndi a kubanki, ndidayankha bwino ndithu, ndipo adati andiimbira. Pamene ndinkatuluka, bambo wa imvi uja adandipempha kuti ndikawapepesere kwa eni nyumba chifukwa cha kuchedwa kwa malipiro.

Ndidadzera ku Limbe ndili ndi mkwiyo wofuna pogwera. Mnyamata uja adandikumbukira msanga, ndipo nditamufunsa ngati sadaone chimene ankasikana, adayankha mosatekeseka.

"Ndidaiona, bigi, ndidaiwerenganso. Koma ndimaganiza kuti mwaiikamo dala, ngati umboni woti ntchitoyo mukuidziwa kale."

Ndili mu minibasi yobwerera kunyumba m'pamene funso lina lidandifikira, limene likadayenera kundifikira kale m'chipinda cha intavyu muja: ngati kalata ya lendi idapita kubungwe, kunyumba yakutsogolo kudapita chiyani? Yankho lake ndidalipeza likundidikira pakhonde. Eni nyumba adali atakhala pampando, magalasi ali pamphuno, pepala lopindidwa patatu lili m'manja, chidindo cha mpingo chikuonekera kumbuyo kwake.

"Bambo, kalata yanu ija ndidailandira, ndipo ndaiwerenga kangapo," adatero. "Abusa alemba kuti munthu ameneyu ndi woopa Mulungu, sanama, ndipo akakongola amabweza nthawi yake isanakwane. Masabata awiri onsewa ndakhala ndikudikira kuti mwina asamukira m'nyumba mwanumo, chifukwa ameneyo ndiye ndikumufuna. Mukakumana naye mumuuze kuti lero ndi pa 23."

Atatero adandipatsa kalatayo, adatola tsache lawo n'kuyamba kusesa kuchokera pamene ndidaima.