Masheya kumwamba, pa refund munthu mmodzi

Sabata iyi yandithera mphamvu anzanga. Lolemba bwana wamkulu wa kampani yathu yogulitsa matikiti a ndege ndi kubukitsa mahotela anatisonkhanitsa mu boardroom kuno ku Sandton, ku Joni, nkuyamba kutionetsa manambala a Booking Holdings, eni ake a Booking.com aja, webusaiti yobukira mahotela, ati taonani mmene bizinesi ya maulendo ikulipirira. Manambalawo ndi oona ndithu, mu 2020 nthawi ya Covid ndalama zonse zimene analowetsa zinali madola 6.8 biliyoni, pofika 2024 anali pa 23.7 biliyoni, sheya imodzi pa msika wa masheya wa Nasdaq ku America kudutsa madola 5,000, mpaka chaka chomwecho anayamba kugawa dividend, phindu lija amapatsa eni masheya. Ndiye ati nafenso tikathinitsa lamba ma investor atithamangira. Anthu m'manja phaphapha. Zoti pa desiki ya refund usiku timatsala mmodzi mmodzi chifukwa akachoka munthu salembanso wina, sanazitchule.

Lachiwiri ndi Lachitatu zomwe zija, reconciliation ya makadi (kuonetsetsa kuti malipiro akugwirizana ndi mabuku athu), ma chargeback (kasitomala akabweza ndalama yake kudzera ku banki), mahotela kukangana nafe za komishoni, basi.

Lachinayi usiku ndiye zinandiwawa. Anaimba mayi ena, ndinangomva kalankhulidwe kuti awa ndi akwathu, nditati "mayi, yankhulani Chichewa ndikumva" anangoyamba kulira. Bambo awo amwalira ku Zomba, mayiwo agula tikiti ya ndege ya m'mawa mwake yopita ku Chileka, ndalama yachoka mu akaunti koma tikiti sinatuluke. Amene mumagwira izi mukudziwa kale, PNR, nambala ya buking'i ija, ilipo koma nambala ya tikiti palibe, mtengo unasintha pakati pa kulipira ndi kutulutsa tikiti ndiye sisitimu inangouma. Kuti ndiitulutse pa mtengo watsopano mpaka supavaiza avomereze kandalama kowonjezerako. Supavaiza wa usiku anamuchotsa kalekale ati kuchepetsa zowononga, wa on-call foni ikungolira osayankha, ndinaimba mpaka khutu kutentha.

"Achimwene, ndiye ndibwezereni ndalama yanga ndikagule kwina."

Ndikanawauza bwanji kuti refund imatenga masiku, nthawi zina kupitirira sabata, isanafike ku banki yawo? Ina analibe, imeneyonso anachita kuwasonkhera anzawo a kutchalitchi. Pomwe manejala amafika m'mawa ndege inali itanyamuka. Mayi aja anakakwera basi ku Park Station, ulendo wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo aliyense amene anayendapo njira imeneyi akudziwa kuti maliro sangadikire mizere ya pa boda.

Chondipsetsa mtima nchakuti nthawi yonseyi ndalama yawo ili phee mu akaunti ya kampani. Bizinesi iyi imayenda choncho, kasitomala amalipira lero, a ndege kapena a hotela amalipidwa pambuyo, pakatipo ndalama ikugona kwa ife nkumabereka chiwongoladzanja, pa lipoti ya kota, ya miyezi itatu ija, imatuluka ngati cash flow yokongola ija mabwana amanyadira nayo. Potenga ndalama sisitimu sichedwa olo sekondi, koma pobweza ndiye siginecha ya uyu, siginecha ya uyo.

Lachisanu ndinalemba imelo kupempha kuti wa shifti ya usiku aziloledwa kutulutsa tikiti ngati mtengo wasiyana pang'ono. Andiyankha kuti tidzakambirana kota ikatha, panopa maso ali pa ma target. Refund ya mayi aja ndinaitumiza ndekha, mpaka pano ikuonetsabe pending.