Zikomo nonse amene munatinyamulira achimwene

Lero takwanitsa chaka chathunthu chibwerereni achimwene anga kunyumba kuchokera ku Kachere, malo othandiza anthu ovulala ndi aulumali mu Blantyre, ndipo chaka chonsechi sanatuluke chilonda ngakhale chimodzi. Amene simunasamalepo munthu wovulala msana mwina mudabwa kuti chilonda n'chiyaninso choti munthu n'kuchilembera pano. Amene munasamalapo mukudziwa chifukwa chake ndikulemba misozi ili m'maso.

Achimwene anavulala mu Marichi 2023, usiku umene Namondwe Freddy anatsitsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Chipupa chinawagwera pamsana akutulutsa ana m'nyumba. Ana onse anatuluka amoyo, koma miyendo ya bambo awo sinamvenso kanthu kuchokera m'chiuno kutsika m'munsi. Madokotala ndi anamwino a ku Queens, amene masiku amenewo ankagwira ntchito osaona tulo chifukwa ovulala ankangobwera motsatizana, ndikuyamba ndi inu. Munatiuza zoona zokhazokha, kuti mtsempha wa m'fupa la msana ukaduka sulumikizikanso. Zinatiwawa, komabe zinatipulumutsa kuti tisamwaze tindalama tathu kufunafuna mankhwala osakhalako.

Atatuluka m'chipatala tinawagoneka pamphasa m'kachipinda kamene tinachita lendi, tikuganiza kuti tikuchita bwino powasiya apumule. Sitinkadziwa kuti munthu amene khungu lake silimva kuwawa sadziwa nthawi yotembenuka. Pasanathe milungu itatu, pamwamba pa matako panafiira, kenako panada, kenako panatseguka. Cholakwa chimenecho chinali chathu, cha kusadziwa, ndipo mpaka lero chimandipweteka mumtima.

Ndiye tinapita ku Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi Queens pomwepo, malo amene amadziwika ndi bungwe la MAP (Malawi Against Physical Disabilities), lija akuluakulu amalikumbukira ndi dzina lakale loti Malawi Against Polio. Kumeneko munthu amagonera konko kwa milungu kapena miyezi, kuphunzira kukhalanso ndi moyo m'thupi limene lasintha. Tsiku loyamba lenilenilo ndinaona chinthu chimene sindinachione kwa miyezi yambiri. Mayi wa mafizo anakoka mpando, nakhala pansi kuti maso ake alingane ndi a achimwene, nafunsa iwowo, osati ine kapena alamu anga: "Bambo, inuyo mukufuna tiyambe ndi chiyani?" Kwa nthawi yonseyi anthu ankafunsa ife, eniake ali pomwepo. Adya? Agona bwanji? Ngati kuti chipupa chija chinawatsekanso pakamwa. Achimwene anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndikufuna ndizipita kuchimbudzi ndekha." Bambo wa zaka 41, wa ana atatu. Mayi uja sanaseke kapena kuchita manyazi. Anangoti chabwino, ulendo wake ndi wautali koma njira yake ilipo, ndipo anayamba kuwafotokozera.

Zikomo anamwino a usiku. Ntchito yanu palibe amene amaijambula. Ndinagonako masiku ena monga gadiyani pamene alamu anapita kukaona ana, ndipo ndinakuonani mukubwera pakati pa usiku, mukuwadzutsa achimwene mwaulemu musanawakhudze, mukuwatembenuza, kuika pilo pakati pa mawondo, wina pansi pa akakolo kuti zidendene zisagunde matiresi, kuwongola chofunda kuti pasakhale khwinya ngakhale limodzi. Pakatha maola 2 n'kubweranso. Inu ndi amene munatiphunzitsa kudina ndi chala pamalo ofiira: pakayera n'kubwerera mtundu wake, palibe vuto, pakapanda kuyera, musawagonekerenso mbali imeneyo mpaka pachire. Munatiphunzitsa kuyang'ana m'chiuno, m'zidendene ndi kumunsi kwa msana m'mawa ndi madzulo, ndipo achimwene munawapatsa nzeru yogwiritsa ntchito kagalasi kuti azidziyang'anira okha. Kagalasi kameneko, kamene tinagula pa msika wa Limbe, kali pamutu pa bedi lawo mpaka lero.

Za paipi ya mkodzo ndi dongosolo la kuchimbudzi sindinena zambiri, ndi nkhani yawo. Ndingonena kuti alamu anga analira tsiku loyamba kuphunzira, ndipo namwino amene ankawaphunzitsa anawadikira mpaka atatonthola, n'kuyambiranso pang'onopang'ono, chitseko chili chotseka. Kutseka chitseko kuja ine ndimakuwerengera ngati mankhwala. Munatiuzanso kuti azimwa madzi ambiri poteteza matenda a m'chikhodzodzo, pamene ife tinkawamana madzi poopa kuchapa zofunda. Ndipo kuti chilonda chimapola ndi chakudya: mazira, nyemba, usipa, nsinjiro m'ndiwo ndi m'phala.

Pali aphunzitsi ena amene sali pa malipiro. Ndikunena anzawo a m'wodi, amene anafika kale, ena ovulala pa ngozi za kabaza ndi minibasi, ena ogwa m'mitengo ndi padenga, ena odwala sitiroko. Miyezi yoyamba achimwene ankangoyang'ana kukhoma, chakudya n'kumachisiya. Amene anawatulutsa panja si ife ayi. Anali bambo wina woyendera njinga ya aulumali ngati iwo, amene anangobwera ndi bawo n'kunena kuti akusowa womudya. Bambo yemweyo ndi amene anawaonetsa kunyamuka pampando ndi manja pafupipafupi kuti magazi aziyenda, kusamuka kuchoka pabedi kupita panjinga, ndi kukweza matayala akutsogolo podutsa kamwala. Mawu a munthu amene wakhala pampando womwewo amalowa mosiyana ndi a ife oyenda. Bambo inu, ngati mungawerenge izi kwanu kumene muli, akuti ngongole ya masewera awiri aja sanaiwale.

Tsopano a kwathu. Amayi a Mvano, munabwera ndi ufa, sopo ndi zitenje osatopa, ngakhale nanunso nyumba zanu zinapita ndi madzi. Anzanga a banki mkhonde, munandidikira miyezi itatu osandichititsa manyazi. Abale a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, khushoni ya panjinga inagulidwa ndi ndalama zanu, ndipo musaione ngati kanthu kakang'ono, chifukwa ndi imene yateteza khungu lawo chaka chonsechi. Anyamata a mumpingo, munagumula chitseko cha chimbudzi n'kuchikulitsa, n'kuwaka potsetsereka pa simenti pakhonde. Koyamba panatsetsereka kwambiri, munaphwanya n'kuyambiranso osadandaula. Eni nyumba, munalola kuti tigumule khoma la nyumba yanu. Ambiri akanakana.

Alamu anga, inu ndikusowa poyambira. Anthu anakunong'onezani kuti mukadali wamng'ono, pitani kwanu. Munawayankha ndi ntchito za manja anu. Ndikulonjeza pamaso pa onse owerenga pano kuti Loweruka lililonse ndi langa, inu muzikapuma.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ife tinachita mwayi chifukwa timakhala mu Blantyre. Malo ogonera ngati Kachere ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo akuluakulu ambiri aulumali akusamalidwa kuseri kwa nyumba ndi mkazi, mayi wokalamba kapena mwana wa sukulu amene palibe anamuphunzitsapo kutembenuza munthu. Wa ku Nsanje kapena ku Chitipa agona pamphasa ngati mmene tinawagonekera achimwene, ndipo chilonda chimene chinayamba ngati kadontho chikhoza kumutenga. Malamulo tili nawo. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali limene tinalidziwa kuyambira 1971, inasanduka MACODA. Ndikuyamikira zimenezo ndi mtima wonse, koma ndikupempha kuti lamulolo lifike pabedi la munthu, lifike pa khushoni, pa namwino wa usiku, pa wa mafizo woyendera m'midzi. Lifikenso pa siteji, pamene kondakitala wina anatilipiritsa njinga ngati katundu, achimwene akumva.

Mwezi watha achimwene anayambiranso ntchito yawo yokonza mafoni, pakhonde pomwepa, patebulo limene mmisiri analidula miyendo kuti njinga izilowa bwino. Kuchimbudzi amapita okha kuyambira asanatuluke ku Kachere. Ndalama yoyamba imene anapeza anagulira mwana wawo wamkulu nsapato za sukulu, yotsala anatuma kuti tigule sopo ndi shuga tikapereke kuwodi kumene anagona. Tipita Lachisanu, ndipo akuti bawo anyamula okha pamiyendo.