Chigwa chomwe ndinkaloweza m'kope ndachipalasa ndi miyendo

Pa mayeso a Geography a temu yatha panali funso loti tifotokoze chifukwa chomwe madzi amasefukira pafupipafupi ku Chikwawa ndi Nsanje. Ndinadzaza peji yonse, ndinakhoza, aphunzitsi mpaka kuwerenga yankho langa m'kalasi. Dzulo ndaliwerenganso ndipo manyazi andigwira, osati kuti zonse zinali zabodza ayi, koma zinali zoloweza basi, ngati mwana wa sitandade 3 woyimba matebulo asakudziwa chomwe akuchulukitsa. Chomvetsa chisoni n'choti kwathu ndi ku Nchalo komweko, madzi a mu Januwale 2015 ndinawaona ndi maso angawa, koma zomwe ndinaona ndi zomwe ndinkalemba m'kope zinali zisanakumanepo m'mutu mwangamu.

Zakumana holide ino, pa njinga. Tinali anthu 11, ambiri ophunzira zauphunzitsi ngati ine, kuphatikizapo nesi mmodzi ndi madala ena omwe anapalasa kabaza zaka zambirimbiri asanatsegule kashedi kokonzera njinga. Ulendo wa masiku anayi, kuchoka ku Blantyre mpaka pa Nsanje boma kudzera mu M1, makilomita pafupifupi 180 osawerengera zokhotakhota zathu, matenti ndi mapoto zili pa makaliyala. Tinasankha Julayi dala, poti Okutobala kuno dzuwa limapitirira madigiri 40 ndipo munthu wanzeru zake sangaziyambe.

Tsiku loyamba ndi lomwe linanditsegula maso. Mseu wotsetsereka wopita pa Thabwa ndaudutsa kosawerengeka pa minibasi, koma pa minibasi umakhala wapanikizidwa ndi matumba, maso ali pa foni kapena uli mtulo. Pa njinga sungagone. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, Chikwawa ili cha m'ma 100, ndiye mamita onsewo umawataya pa kamtunda kochepa zedi, makutu kutsekeka, zala kuchita dzanzi chifukwa chofinya mabuleki, mpweya nkumatentherabe pa kona iliyonse mpaka juzi yomwe unavala kumtunda kusanduka mdani. Madala aja anatiimitsa kawiri kuti tigwire marimu. Ndinagwira, ndinachotsa chala msangamsanga. Akuti, “Achimwene, mukamangokoka buleki osapumitsa rimu imatentha, chubu chiphulika muli pa liwiro, ndipo kuno kugwa kwake sumadzuka wekha.” Anatiuza kuti tizifinya n'kusiya, kufinya n'kusiya, osakakamira. Za kukhuzana kwa zinthu kubala kutentha ndinaziphunzira ku Fomu 2, koma ndazikhulupirira tsiku limeneli.

Titafika pansi, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, njinga inangoti zii, yasiya kuthamanga yokha. Apa ndi pomwe ndinadzifunsa kuti ngati ine ndatsika phiri lija ndi liwiro lotere mabuleki ndili nawo, nanga madzi a mvula opanda buleki, m'mapiri momwe mitengo inatha ndi makala, amafika bwanji? Ndipo akafika pansi pano amapita kuti? Kuchoka pa Chikwawa mpaka pomwe Shire amatulukira m'Malawi kupitirira Nsanje, pamalo otsikitsitsa m'dziko muno, mamita 37 okha, nthaka imatsika pang'ono kwambiri pa mtunda wa makilomita oposa 100. Madzi amabwera chothamanga, n'kupeza kuti kutsogolo kulibe kotsetserekera, ndiye amangomwazika. Zomwezi ndinalemba pa mayeso, inde, koma tsopano ndinali kuzimva m'ntchafu.

Tinagona pa bwalo la sukulu ina ya pulaimale. Apa napo panali phunziro lake: mnzathu wina wa m'tauni anayamba kale kukhoma zikhomo za tenti, nesi uja n'kumuletsa kuti dikira kaye, tikaonekere kwa ahedi ndi kwa amfumu. Tinapita atatu, tinakhala pansi, kuwomba m'manja mwaulemu, kufotokoza kuti ndife yani, tikupita kuti. Amfumu anatiseka kaye kuti anthu ophunzira bwinobwino mukusowa ya minibasi? kenako anatuma mnyamata kuti atisonyeze mjigo ndi chimbudzi, natichenjeza kuti tisayerekeze kukasamba ku mtsinje madzulo chifukwa cha ng'ona. Udzudzu wake ndiye osanena, ngakhale Julayi. Amene anaseka neti yanga m'mawa anabwera usiku kudzapempha malo.

Mawa lake tinadutsa Dyeratu kulowera ku Nchalo. Pa mlatho wa Mwanza ndinatsika njinga, anzanga akundikuwiza kuti tikuchedwa. Mtsinje umenewu ndimaudziwa kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanauyang'anepo ngati wophunzira. Mchenga wokhawokha, wadzaza mpaka mtsinje kuoneka ngati bwalo la mpira, magombe ake afupiafupi. Mchenga umenewu ndi minda ya anthu akumtunda yomwe inakokoloka, madzi akafika pa chigwa mphamvu yonyamulira imatha n'kuutula pomwepo, chaka ndi chaka khwawa likukwera, ndiye mvula yamphamvu ikabwera mtsinje umangosiya njira yake n'kulowa m'midzi. Ndinatapa wodzaza dzanja n'kuuthira m'kabotolo kopanda kanthu. Anzanga anati ndapenga.

Za nkhalango yotetezedwa ya Lengwe ndinene mwachidule, poti tinangokhota kukafika chakufupi, sitinalowe, thumba linakana. Ndi kwawo kwa boo, nyama ija azungu amati nyala. Chomwe ndikukumbukira bwino ndi minga ya m'njira yadothi ija: matayala anayi kuphwa pa ola limodzi. Ndinaphunzira kumata chubu moyenera, kupala kaye pobowokapo, kupaka solushoni pang'ono, kudikira aume asanaikepo chigamba, ndipo chachikulu chomwe ine ndinkaiwala nthawi zonse, kusisita mkati mwa tayala ndi chala kufuna munga womwe wabaya. Ukapanda kutero umapopa, kuyenda mamita 200, n'kukhalanso pansi. Ndinatero kawiri madala aja akungondiyang'ana osayankhula, kachitatu ndi pomwe anati, “Mwauchotsa mungawo?”

Ku Nchalo tinagona pakhomo pa makolo anga, matenti pabwalo, mayi anaphika nsima ya mapira ndi makakana. Anzanga a kumtunda ena inali nthawi yoyamba kudya ya mapira. Madzulo tikuyang'ana minda ya nzimbe ya Illovo yobiriwira pakati pa chilimwe pomwe kwina konse kwauma gwa, nkhani inafika pa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yomwe ikuyambira ku Kapichira. Ndinkadabwa kale kuti bwanji akukatapa madzi kutali konseko Shire ali pompano. Yankho linali m'miyendo mwanga kale: ku Kapichira mtsinje ukadali pamwamba, ndiye madzi atha kuyenda okha m'ngalande popanda mapampu odya magetsi. Malo omwewonso ndi omwe namondwe Ana anagumula mu Januwale 2022, makina opangira magetsi n'kuima, dziko lonse kulowa mu mdima wa maola ambiri tsiku ndi tsiku. Kutsetsereka komwe kumatipatsa magetsi ndi ulimi wothirira ndi komweko kumatiponyera madzi.

Tsiku lachitatu ndiye linatilanga. Pa mapu mseu wa Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi wosalala, ndinawauza anzanga monyadira ngati mwini dera kuti lero n'kungoseweretsa mapedulo. Mwera unatuluka cha m'ma 9 koloko kuchokera kummwera komwe timalowera, kutiwomba pamphumi penipeni, munthu kupalasa ndi mphamvu zonse njinga ikuyenda ngati ikukwera phiri losaoneka. Gulu linabalalika, amphamvu patsogolo kutali, ofooka kumbuyo akutukwana chamumtima, ine pakati ndekhandekha. Pa Ngabu tinakhala pansi pa mlambe n'kukangana ndithu, mawu anakwera. Kenako tinagwirizana zoyenda mumzera umodzi, tayala pafupi ndi tayala, wakutsogolo aziswa mphepo kwa mphindi zochepa n'kupatukira kumbuyo wina n'kulowa. Kusiyana kwake ndi kodabwitsa, ukakhala kumbuyo kwa mnzako miyendo imapepuka ngati wina wakuchotsera thumba la chimanga. Koma zimafuna kukhulupirirana, woti sagwira buleki mwadzidzidzi, woti akaona dzenje kapena mbuzi akuwa. Amene ankadzitcha akatswiri aja ndi omwe zinawavuta kwambiri, kudikira munthu sanazolowere.

Madzi akumwa anatipusitsanso. Pa mudzi wina tinadzaza zigubu pa mjigo osalawa, titapita patali n'kupeza kuti ndi amchere, ukamwa ludzu likuchita kuwonjezereka. Mijigo yambiri m'chigwa muno ndi yotero, ndipo eni mudzi amadziwa woti uwu ngwochapira, uwo ngwakumwa, kungoti ife sitinafunse. Mnzathu wina miyendo inayamba kukokana, mutu waching'alang'ala, nesi anamusungunulira Thanzi ORS n'kumugoneka pamthunzi ola lathunthu. Kuchokera apo aliyense ankayamba wafunsa, “Mayi, awa ngakumwa?”

Cha ku Bangula tinakhota kukaona m'mphepete mwa Dambo la Njovu. David Livingstone atadutsa mu 1859 anawerengako njovu pafupifupi 800, lero palibe ngakhale imodzi, kwatsala mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi a m'mabwato, ndipo mu 2017 linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa mgwirizano wa mayiko wa Ramsar. Bambo wina wokonza ukonde anandifotokozera, Chichewa chosakaniza ndi Chisena, kuti mtsinje wa Ruo ukadzaza kwambiri umatsekereza Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo lonse. Mu 2015 anthu a ku Makhanga anazingidwa ndi madzi, namondwe Freddy mu Malichi 2023 anabwerezanso. Ndinamufunsa funso lomwe tonse timafunsa tili kumtunda, loti bwanji osangosamuka. Anandilozera dimba la chimanga chobiriwira ndi mbatata mu Julayi, popanda feteleza, popanda mpope, chinyontho ndi nthaka yomwe madzi omwewo anasiya, n'kundifunsa kuti kumtundako ndikadya chiyani. Pa mayeso paja ndinalemba kuti anthu amakana kusamuka chifukwa cha umbuli. Mzere umenewo ndaufufuta ndi bolopeni yofiira. Potsanzikana ndinati zikomo, iye anati takhuta, mnzanga wa ku Kasungu n'kundinong'oneza kuti akhuta chiyani poti sitinawapatse kanthu kkkk, ndinachita kumuuza kuti ndiye zikomo wa Chisena ameneyo.

Tsiku lomaliza linali lachete, Tengani tinangodutsa, aliyense akulimbana ndi chishalo chake. Pa Nsanje boma tinakhala m'mbali mwa Shire kuyang'ana tsidya linalo, komwe ndi Mozambique kale, madzi akuyenda mwaulesi ngati sakuyenda n'komwe, omwe aja tinawaona pa Kamuzu Bridge masiku atatu apitawo.

Pobwerera njinga tinazikweza pa lole, palibe amene anali ndi mtima wokwera Thabwa ndi miyendo. Temu ikubwerayi ndikupita kukayeserera kuphunzitsa, ndipo phunziro la mitsinje ndalikonza kale: thabwa lalitali, njerwa zochirikizira mbali imodzi, chigubu cha madzi ndi mchenga wa mu Mwanza uja, womwe mayi atsala pang'ono kunditayira kawiri akusesa.