Kujambula misewu ya Buenos Aires: dziwani kaye kumene kuli dzuwa

Pakati pa mzinda wa Buenos Aires, likulu la dziko la Argentina, misewu inayalidwa mopingasana ngati mphasa yolukidwa bwino. Ina imachoka kumpoto kupita kumwera, ina kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo kuchoka pa mphambano imodzi kufika pa inzake ndi mamita pafupifupi 100. Mzindawu uli madigiri 34 kumwera kwa equator, choncho masana dzuwa limakhala chakumpoto chaka chonse. Wojambula amene wagwira mfundo ziwirizi amadziwiratu khoma limene liwale m'mawa ndi limene liwale madzulo asanatuluke n'komwe m'chipinda chake. Amene sanazigwire amayenda tsiku lonse n'kubwerako ndi zithunzi za nyumba zakuda zokhala kutsogolo kwa thambo loyera mbee.

Tiyambe ndi Avenida de Mayo, msewu umene umachoka pa Plaza de Mayo kum'mawa kukathera pa nyumba ya malamulo ya Congreso kumadzulo. Congreso inayang'ana kum'mawa, ndiye imafuna dzuwa la m'mawa. Cabildo, nyumba yoyera ya m'nthawi ya atsamunda a ku Spain, nayonso inayang'ana kum'mawa. Koma Casa Rosada, kumene kuli ofesi ya pulezidenti, inayang'ana kumadzulo, ndipo mtundu wake wa pinki umaoneka bwino dzuwa litapendeka. Mukaijambula 9 koloko m'mawa mukhala mukuloza kamera kudzuwa. Ndiye yambirani ku Congreso m'mawa, tsikani pang'onopang'ono kudutsa Palacio Barolo ya 1923 ndi Café Tortoni imene inatsegulidwa mu 1858, mukafike pa Plaza de Mayo madzulo. Alendo ambiri amayenda mobwerera, chifukwa mabuku a alendo amayambira pa Plaza de Mayo.

Nthawi za dzuwa zimasintha kwambiri ndi nyengo. Mu Disembala limatuluka 6 koloko isanakwane n'kulowa cha m'ma 8 madzulo. Mu Juni limatuluka cha m'ma 8 m'mawa ndipo pofika 6 koloko madzulo lalowa. Komanso limafika pamutu cha m'ma 1 koloko, osati 12. M'miyezi yozizira dzuwa limayenda chapansi, ndiye m'misewu yopapatiza ya Microcentro, kumene kuli mabanki ndi maofesi, kuwala kumafika pansi kwa kanthawi kochepa, m'misewu yochoka kumpoto kupita kumwera, masana okha. Kanthawi kameneka n'kamtengo wapatali. Imani pamene kuwala kwagwera ngati lamba pakati pa mithunzi, yezerani kuwala pamalo owalawo, n'kudikira kuti munthu alowemo. Kumbuyo kwake kudzada bii, iye yekha n'kuonekera. Mukasiyira kamera kuti iganize yokha, idzaona mdima wambiri n'kuwalitsa chithunzi chonse, nkhope ya munthuyo n'kupsa.

Zida zisachuluke. Kamera imodzi yaing'ono ndi lenzi imodzi ya 28mm kapena 35mm zikwanira. Lenzi yaitali ngati 200mm imakuonetsani patali kuti mwanyamula chuma, ndipo m'misewu yopapatiza mulibe malo obwerera m'mbuyo. Masana ikani kabowo ka lenzi pa f/8, shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) pa 1/500 ya sekondi ngati anthu akuyenda, ISO (mphamvu ya kamera yogwira kuwala) izisintha yokha mpaka 3200. Pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm), lenzi ya 35mm ikakhala pa f/8 ndipo mwaika focus pa mamita 3, chilichonse choyambira mamita 2 mpaka pafupifupi 7 chimatuluka chooneka bwino. Izi zimathandiza pakati pa chigulu cha anthu, pamene autofocus imakonda kugwira phewa la munthu wodutsa pafupi m'malo mwa nkhope imene mukufuna.

Lachinayi lililonse nthawi ya 3:30 masana, amayi a Madres de Plaza de Mayo amazungulira chipilala cha Pirámide de Mayo. Anayamba mu Epulo 1977 kufunsa za ana awo amene anasowetsedwa ndi boma la asilikali limene linalamulira kuyambira 1976 mpaka 1983. Amene atsala ndi okalamba kwambiri. Kujambula sikoletsedwa, ndipo atolankhani amakhalapo, koma musaime kutsogolo kwa mzere wawo kapena kuwaombera flash kumaso. Imani pambali, mzerewo ukudutseni. Mipango yawo yoyera ndiyo imavuta: dzuwa likaiomba, kamera imataya makwinya onse a nsaluyo. Chepetsani kuwala ndi theka la stop (muyeso wa kuwala pa kamera) kapena kuposerapo pang'ono. Pansi pa bwaloli anajambulapo mipango yomweyo ndi penti yoyera, ndipo mapazi a anthu akudutsa pamwamba pake amanena zambiri kuposa chithunzi cha bwalo lonse.

Obelisco, chipilala cha mamita 67.5 chimene chinamangidwa mu 1936, chili pamene Avenida 9 de Julio imakumana ndi Avenida Corrientes. Aliyense amachijambula ndipo zithunzi zambiri zimafanana. Chimene chimasiyanitsa ndi anthu owoloka. Msewuwu ndi wotakata kwambiri moti oyenda pansi ambiri satha kuwoloka pa kuyaka kumodzi kwa maloboti, amaima pa zilumba za pakati. Zilumbazo ndi malo abwino oimapo: anthu amabwera molunjika kwa inu m'magulumagulu, ndipo palibe amene amadabwa kuona munthu ataima pamenepo. Ngati mukufuna basi yothamanga, imene kumeneko amati colectivo, ioneke bwino pamene kumbuyo kwake kwapakika, ikani shutter pa 1/30 n'kumaitsatira ndi kamera potembenuza chiuno, osati manja. Zisanu ndi zinayi mwa khumi zidzawonongeka, n'chimodzimodzi kwa aliyense. Mu Novembala mitengo ya jacaranda imachita maluwa ofiirira m'mbali mwa msewuwu, ndipo mtundu wake umatuluka bwino kukakhala mitambo kusiyana ndi padzuwa lowala.

Lamlungu msika wa San Telmo umadzaza msewu wa Defensa kuchokera kufupi ndi Plaza de Mayo mpaka Plaza Dorrego. Fikani cha m'ma 9, amalonda akuyala katundu: mabotolo akale a soda amitundumitundu, zikho zomwera mate (tiyi wa kumeneko), zikwangwani zolembedwa mwa luso lokongoletsa zilembo lotchedwa fileteado. Ikakwana 1 koloko mudzangoona misana ya anthu. M'kati mwa Mercado de San Telmo, msika wofoleredwa wa 1897, kuwala kwa padenga kumasakanikirana ndi mababu a amalonda, ndipo nkhope zimatuluka mbali ina yachikasu ina yabuluu. Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yagwira) kuti mukakonze pambuyo, apo ayi sankhani gwero limodzi la kuwala n'kumuika munthuyo m'menemo.

Ovina tango a pa Plaza Dorrego ndi ku Caminito ali pantchito. Mukawajambula, ponyani ndalama m'chipewa. Ngati mukufuna kuima nawo pachithunzi, funsani mtengo musanayambe, chifukwa mitengo ya mu peso, ndalama ya kumeneko, imasintha msanga ndipo zimene munamva chaka chatha sizigwiranso ntchito. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapadera kuti musatulutse chikwama chonse. Pa kuvina kwenikweniko, 1/500 imaimitsa mwendo m'malere, 1/15 imasiya mzere wa diresi. Koma tango ili ndi kaimidwe kake: ovina amaima kamphindi nyimbo ikapuma, ndipo pamenepo m'pamene thupi limakhala bwino. Mvetserani nyimbo m'malo moombera zithunzi makumi awiri pa sekondi.

Za Caminito, ku La Boca, ndinene mosabisa kuti ndi malo okonzera alendo. Nyumba za malata zopakidwa mitundu yowala zija zinatsitsimutsidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi wojambula wa komweko, Benito Quinquela Martín, ndipo lero zazunguliridwa ndi malo odyera ndi ogulitsa zikumbutso. Mitundu yake ndi yeniyeni ndithu, koma padzuwa la masana yofiira ndi yachikasu imasefukira mpaka mizere ya malata kusowa. Pitani m'mawa kapena tsiku la mitambo. Musapatuke m'misewu imene muli alendo ndi apolisi. Bwalo la mpira la La Bombonera, la timu ya Boca Juniors, lili pafupi, koma yendani njira yolunjika, kamera ili m'chikwama, ndipo kukamada mukhale mutachoka. Musavale malaya oyera a mzere wofiira, chifukwa ndi a River Plate, adani a Boca Juniors.

Akuba a mumzindawu ali ndi njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi ya motochorros, akuba a panjinga yamoto amene amatsomphola foni kapena kamera kwa munthu woima m'mphepete mwa msewu. Mukafuna kuona zimene mwajambula, lowani pakhomo la sitolo kapena tsamirani khoma, ndipo lamba wa kamera akhale wokulunga padzanja. Yachiwiri ndi yoti wina amakuthirani madzi onunkha kapena sosi wa mustard pamsana, kenako munthu wooneka waulemu amabwera ndi kansalu kuti akupukuteni. Mukatsitsa chikwama pansi, chapita. Musaime, pitirizani kuyenda mpaka mutalowa m'sitolo. Pokhala pa tebulo la panja, chikwama chikhale pamiyendo. Madzulo aliwonse koperani zithunzi ku chipangizo china chimene chimatsala kuchipinda, chifukwa kamera mungagule ina.

Popempha chilolezo mawu ndi akuti "¿Puedo sacar una foto?", mukuloza kamera. Ogulitsa nyuzipepala ndi maluwa, operekera zakudya m'makafe akale, ndi anthu oyendetsa agalu khumi nthawi imodzi ku Palermo ndi Recoleta kawirikawiri savuta. Osintha ndalama a mumsewu wa Florida, amene amafuula kuti "cambio", asiyeni, safuna nkhope zawo zioneke. Ma cartoneros, otola makatoni madzulo ndi ngolo zawo, muwapemphe kaye ndipo akakana musaumirire. Ana musawajambule popanda makolo awo. M'madera osauka otchedwa villas, monga Villa 31 pafupi ndi siteshoni ya Retiro, musalowemo nokha ndi kamera.

Sitima ya pansi panthaka, subte, imalipiridwa ndi khadi la SUBE, lomwe limagwiranso m'mabasi. Mzere A unatsegulidwa mu 1913, woyamba mu Latin America yonse, koma mabogi amatabwa amene mumaona pa zithunzi zakale anachotsedwa mu 2013, ndiye musawafunefune. Siteshoni ya Perú idakali ndi maonekedwe akale.

Nyengo yotentha imabwera ndi chinyezi chochuluka. Mukatuluka m'chipinda chozizira, lenzi imachita nthunzi nthawi yomweyo. Isiyeni m'chikwama chotseka kwa mphindi 15 kapena 20 kuti itenthe pang'onopang'ono, osaipukuta mobwereza. M'misewu ya pakati makina oziziritsira m'nyumba amadontheza madzi kuchokera m'mwamba, choncho lenzi iziloza pansi mukamayenda. Mvula ikagwa, matailosi ogwedera a m'njira za oyenda pansi amabisa madzi akuda amene amathovukira m'miyendo mukawaponda. Komabe mvula ikangokata pitani ku Avenida Corrientes usiku, kumene magetsi a nyumba za zisudzo, malo ogulitsa pizza ndi masitolo a mabuku amanyezimira pa phula lonyowa. Tsegulani lenzi pa f/2, ISO 3200. Magetsi a ku Argentina ndi a 220V pa 50Hz, ndipo zikwangwani zina za LED zimaphethira motsatira zimenezi, n'kusiya mizere yakuda pachithunzi. Mukaiona, tsitsani shutter pa 1/100 kapena 1/50 ndipo zimitsani electronic shutter. Mabowo ambiri a magetsi ndi a mapini atatu afulati, awiri opendeka, ndiye tchaja ya batire ifunika adaputa yake.