Mphete za Montana, manambala a Marino

Ndimasamalira okalamba pa nyumba ina kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Sabata yoti Lamulungu kuli Super Bowl, masewera omaliza olimbirana chikho cha mpira wa ku America (American football), ntchito imapepukirako, chifukwa ngakhale agogo amene timachita kuwanyengerera kuti adzuke umawapeza atakhala kale pa TV.

Lolemba ndinali kuyeza BP ya agogo ena aamuna, amene chipewa cha Notre Dame, yunivesite ya kuno, amachivula pokhapokha tikamawasambitsa, nakonso mokangana. Anandifunsa kuti quarterback woposa onse ndani, uja woponya mpira amene timu yonse imayendera nzeru zake. Ine ndinangoti Tom Brady, poti ndi dzina lokhalo lomwe ndinalimvapo ndisanachoke kumudzi. Ndinachita kudikira mphindi khumi kuti ndiwayezenso. Kunena zimenezi ku South Bend n'kuputa mavu: Brady anasewerera yunivesite ya Michigan, adani akalekale a Notre Dame, pomwe Joe Montana ndi mwana wa pakhomo pano, anatenga chikho cha makoleji ndi Notre Dame mu 1977. Agogowo anayamba kuwerenga ndi zala. Super Bowl zinayi ndi San Francisco 49ers, zonse kupambana, ndipo m'masewera anayiwo palibe mpira ndi umodzi womwe umene anaponyera m'manja mwa adani. Nditati Brady ali ndi mphete zisanu ndi ziwiri, zija amapatsa opambana Super Bowl, anangoti, "Mwana wanga, nanga zitatu zimene analuza zija wazisiyira ndani?"

Lachitatu pa chakudya cha masana nkhaniyi inagwera m'manja mwa agogo aakazi amene kale ankaphunzitsa masamu ku sekondale. Iwo za mphete safuna kuzimva. Akuti mphete amavala anthu oposa 50, ngakhale uja wakhala pabenchi chaka chonse. Munthu wawo ndi Dan Marino wa Miami Dolphins, amene mu 1984 anaponya mayadi 5,084 ndi ma touchdown 48 (zigoli za m'masewerawa), nthawi yomwe ena ankangolota manambala otere. Anafika ku Super Bowl kamodzi kokha, n'kuluza 38-16 kwa Montana yemweyo, ndipo anapuma wopanda mphete. Pomwe Trent Dilfer ali nayo, chifukwa otchinga kumbuyo a timu yake ya Baltimore Ravens chaka cha 2000 sankalola munthu kudutsa. "Ndiye mundiuze kuti Dilfer amaposa Marino?"

Chimene chinandigonjetsa ine ndi chitsanzo cha Peyton Manning, amene kuno ku Indiana amamulemekeza ngati mfumu chifukwa cha zaka zake ku Colts, timu ya ku Indianapolis. Agogowo analemba pa kapepala kopukutira pakamwa. Mu 2013, ali ku Denver Broncos, ma touchdown 55 ndi mayadi 5,477, koma ku Super Bowl anathidzimulidwa 43-8 ndi Seattle. Mu 2015 mkono utatha, ma touchdown 9 okha, mipira 17 kupatsa adani, ndiye chaka chimene anatenga chikho, ndipo wosewera bwino wa tsikulo anali Von Miller, wotchinga kumbuyo. Munthu mmodzi yemweyo, chaka chake chabwino kwambiri anabwerera chimanjamanja, chaka choipa anavala mphete. Kwa ine pamenepo mlandu unatha: mphete imanena za timu, ya munthu payekha timaiona m'manambala. Kapepalako ndinakasunga m'thumba la yunifomu, kanachapidwira momwemo.

Lachinayi kunagwa chipale chofewa, anzathu awiri sanabwere. Zipinda zawo tinagawana, ndipo za mpira palibe anazitchula.

Lachisanu ndinati ndiwayanjanitse. Usiku ndinali nditayang'ana pa foni, ndiye pogawa tiyi ndinawauza kuti mkangano wawo ndi wa ziii, poti Brady ali nazo zonse: mphete zisanu ndi ziwiri kwa agogo a chipewa, mayadi 89,214 ndi ma touchdown 649 kwa aphunzitsi, kuposa wina aliyense. Awiriwo anayang'anana. Aphunzitsi anati munthu wosewera mpaka zaka 45 manambala amangowunjikana okha, ndipo malamulo a masiku ano amateteza quarterback ngati dzira. Agogo a chipewa anavomera ndi mutu, koyamba sabata yonse, n'kukankhira mbale ya mabisiketi kwa aphunzitsiwo. Ine sanandipatseko. Belu la chipinda cha kumapeto linalira, ndinawasiya akunyoza limodzi New England Patriots, timu imene Brady anasewerera zaka zambiri.