Zaka zisanu tikubwereketsa mabuku onenepa aja

Mwezi uno kashopu kathu ka mabuku kuno ku Chilobwe kakwanitsa zaka zisanu. Ine ndi akazi anga tinayamba ndi makatoni awiri a mabuku a kaunjika ndi benchi imodzi. Mabuku a sukulu ankatuluka msanga, koma mabuku onenepa aja, ofotokoza banja limodzi kuyambira kwa agogo mpaka zidzukulutudzi, ankangodya fumbi.

Anatitsegula maso ndi mayi wina, mphunzitsi wopuma. Anabwereka Homegoing, buku la Yaa Gyasi la 2016, lonena za Effia ndi Esi, ana a mayi mmodzi a ku Ghana. Wina anakwatiwa ndi mzungu m'linga la Cape Coast, mnzakeyo anatsekeredwa pansi pa linga lomwelo n'kugulitsidwa ukapolo ku America. Mutu uliwonse mwa mitu 14 ukutsata munthu wina wa m'magazi awo. Pobweza bukulo, mayiwo analigunda patebulo n'kunena kuti: "Mwanawe, izitu ndi za pasiwa kwathu. Azakhali akunena zawo, amalume zawo, koma munda wokanganiranawo ndi umodzi." Loweruka lotsatira anabwera ndi anzawo atatu. Kuwerenga kwathu kwa Loweruka masana kunabadwa choncho, ndipo pa Kintu, buku la Jennifer Nansubuga Makumbi wa ku Uganda, mmene temberero la mu 1750 likulondola mbumba yonse, anthu anatsutsana mpaka kachisisira.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Marichi 2023. Matope otsika m'phiri la Soche anatenga anansi athu, choncho za mabuku sindingalire mokweza. Komabe mashelefu awiri a m'munsi anamira. Mabuku anafufuma, masamba n'kumatirirana, ndipo akazi anga ankawalekanitsa limodzilimodzi ndi mpeni wa patebulo n'kuwayanika pa malata. Ambiri sanapole. Bambo amene anatikongoza mpamba wa shopuyi anafika matope asanaume, osati kudzapepesa, koma ali ndi kope m'manja. Ngongole yanu tinamaliza, bambo, ndi chiwongoladzanja chomwe. Tisanapume n'komwe, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa katoni n'kukwera.

Tinadzuka chifukwa cha inu. Zikomo amayi aphunzitsi, munabweretsa mabuku a m'nyumba mwanu osalandira kanthu. Zikomo anyamata a kabaza amene munatuta matope ndi mafosholo, apongozi anga amene munatisungira makatoni otsala kuchipinda kwanu, a kwaya amene munatisonkhera, ndi mtsikana wa Fomu 3 amene unabweza buku louma bwino, utalikulunga m'jumbo, kwanu khoma litagwa.

Tsopano mashelefu onse tinawakweza kufika m'chiuno. Buku mumakhala nalo masabata awiri, ndipo mutha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Homegoing tili nawo awiri okha, ndiye lembetsani msanga. Loweruka lino tikuyamba buku latsopano 2 koloko masana. Bwerani ndi mpando wanu, benchi ija inachepa.